Kochi ndi womuthandizira: chimawalekanitsa n'chiyani?

Kumapeto kwa April 2018, Liverpool inali pakhomo pa fainolo ya Champions League. Inali itathidzimula Roma 5-2 pa Anfield, ndipo kunangotsala masiku awiri kuti matimuwa akumanenso ku Italy. Nthawi ngati imeneyi palibe timu imafuna kusintha kalikonse, koma m'pamene kunamveka kuti Željko Buvač, wachiwiri kwa Jürgen Klopp, sakwera nawo ndege. Anthu awiriwa anasewera limodzi ku Mainz, ndipo kuyambira 2001 anakhala benchi imodzi ku Mainz komweko, ku Borussia Dortmund, kenako ku Liverpool. Zaka 17. Klopp mwini wake ankamutcha mnzakeyo ubongo wa gulu lawo. Timu inangoti Buvač wayamba wapuma pa zifukwa za iye mwini, ndipo sanabwererenso.

Zikalata zolengeza kusiyana kotere zimafanana zonse: tagwirizana mbali ziwiri, tikumuthokoza, tikumufunira zabwino kumene akupita. Sizinama kwenikweni, koma sizinenanso kanthu. Kawirikawiri mgwirizano wosiyanirana umakhala ndi ndime yoletsa kuulula zomwe zachitika, ndipo wothandizira amene akufuna kudzalembedwanso ntchito kwina amadziwa kuti pakamwa pake ndi pomwe pangamutsekere zitseko. Ndiye ochemerera amadzaza okha mpatawo. Wina akuti kunali kaduka, wina akuti wothandizirayo ankamuyenda pansi bwana wake. Zoterezi zimachitikadi. Koma ine ndimaona kuti gwero lalikulu lili m'mene udindowo unakhalira. Wothandizira amalipidwa ndi timu koma amatumikira munthu mmodzi. Amafunika adziwe ntchito kufika poti angathe kukhala pampando wa bwana wake, koma asaoneke ngakhale pang'ono kuti akuusirira. Ubale wotere umakhala ndi mng'alu chiyambire tsiku loyamba, ngakhale anthuwo azikondana chotani.

Ambirife timamuona wothandizira pa mphindi 90 zokha, ali pa benchi ndi kabuku m'manja, nthawi zina akunong'oneza bwana wake dzanja lili pakamwa kuopa makamera. Ntchito yake yaikulu ili m'kati mwa sabata. M'matimu ambiri ndi iye amalawirira kubwalo la zokonzekera, kuyala timakoni, kugawa osewera m'magulu, kenako n'kumaimba wezulo ndi kukuwa mpaka kusasa mawu, kochi wamkulu ali chiimire pambali manja ali m'thumba. Ndi iye amachezera pa kompyuta kudula kanema wa timu yomwe adzakumane nayo, kuti osewera aone m'mphindi zochepa kuti wotchinga kumbuyo wa kumanzere amachedwa kubwerera akakwera, kapena kuti goloboyi wawo satuluka pa makona. Palinso ntchito ina yosalembedwa mu kontrakiti. Wosewera akaona kuti dzina lake palibe pa 11 oyamba, sathamangira kwa kochi wamkulu. Amakokera wothandizira pambali n'kukhuthula zonse, mwina kutukwana kumene, ndipo wothandizirayo ayenera kusankha choti akafikitse kwa bwana ndi choti achimeze.

Akafikitsa zonse, osewera amamutcha kazitape n'kusiya kumuuza kanthu. Akameza zambiri, tsiku lomwe kochi adzazimvere kwina adzamufunsa kuti, "Iwe unkadziwa, bwanji sunandiuze?" Timu ikayamba kugonja zimafika poipa. Osewera omwe akhumudwa ndi kochi amayamba kunena m'chipinda chovalira kuti zokonzekera zimakoma akamayendetsa wothandizira. Iye sanawatume. Koma mawuwo akafika m'makutu a kochi amene akudziwa kale kuti akuluakulu akumuwerengera masiku, sawamva ngati kuyamikira mnzake.

Kusiyana maganizo pa kaseweredwe, pakokha, sikulekanitsa anthu. Kochi wanzeru amachita kufuna munthu womutsutsa, poti mutu umodzi susenza denga. Tayerekezani timu ikutsogola ndi chigoli chimodzi pa mphindi ya 60. Wothandizira akuti tilowetse wapakati wotchinga, titseke. Kochi akuti ayi, tilowetse wakutsogolo timalize nkhani. Mawu omaliza ndi a kochi, ndipo wakutsogoloyo akuvula jekete. Timu inayo ikabweza chigolicho pa mphindi ya 85, palibe amene amatchulanso za pa mphindi ya 60, koma onse awiri amakumbukira. Zikachitika kamodzi n'zampira. Zikachitika miyezi, wothandizira amayamba kuona kuti akungofunsidwa mwamwambo, ndipo kochi amayamba kumva kuti pali munthu kumbuyo kwake amene akusunga mndandanda wa zolakwa zake. Chomwe chimaswa ubale ndi malo otsutsiranapo. M'ofesi chitseko chili chotseka mukhoza kukalipirana mmene mungathere. Kupukusa mutu pamaso pa osewera, kapena kulola mtolankhani adziwe kuti inu munali ndi maganizo ena, kochi sakhululuka.

Chizindikiro china chimaoneka pa benchi pomwepo: kochi wayamba kutembenukira kwa munthu wina. Ku Liverpool, manyuzipepala a ku England analemba zambiri zoti mawu a Pepijn Lijnders, mphunzitsi wachinyamata wa ku Netherlands, anali atayamba kulemera kuposa kale. Lijnders anachoka mu January 2018 kukatsogolera NEC Nijmegen kwawo, koma pofika June anali atabwerera, n'kukhala pomwe pankakhala Buvač. Chaka chotsatira Liverpool inatenga Champions League, mu 2020 n'kutenganso ligi.

Chifukwa chofala kwambiri, komanso chosapweteka kwenikweni, n'chakuti wothandizira wakula. Ambiri m'maligi akuluakulu ali ndi ziphaso zofanana ndi za mabwana awo, monga UEFA Pro ku Ulaya kapena CAF A kuno ku Africa, ndipo munthu savutika ndi maphunziro onsewo kuti adzayale timakoni moyo wake wonse. Alex Ferguson anakhala ku Manchester United kuyambira 1986 mpaka 2013, ndipo mpando wa pambali pake unasintha anthu kangapo. Archie Knox, yemwe anabwera naye kuchokera ku Aberdeen, anapita ku Rangers mu 1991. Brian Kidd anachoka mu December 1998 kukatsogolera Blackburn Rovers. Steve McClaren anabwera kumayambiriro kwa 1999, anadya nawo zikho zitatu chaka chomwecho, ndipo mu 2001 anapita ku Middlesbrough. Carlos Queiroz anachoka kawiri, mu 2003 kupita ku Real Madrid, mu 2008 kupita ku timu ya dziko la Portugal. Wina angaone ngati Ferguson ankangotaya anthu. Ine ndimaona kuti kusinthaku n'kumene kunamuthandiza kukhalitsa. Osewera amatopa kumva mawu amodzimodzi m'mawa uliwonse, ndipo ku United mawu a pabwalo la zokonzekera ankasintha zaka zingapo zilizonse pomwe bwana ali yemweyo.

Pep Guardiola wayenda njira yofanana ku Manchester City. Domènec Torrent, yemwe anayenda naye kuchokera ku Barcelona, anapita ku New York City FC mu 2018. Mikel Arteta anaphunzira ntchito pambali pake kuyambira 2016, ndipo mu December 2019, ligi ili m'kati, anapita ku Arsenal. Patangotha miyezi yochepa anamutulutsa mphunzitsi wakeyo mu semifainolo ya FA Cup. Apa panalibe chidani chenicheni, chifukwa aliyense ankadziwa kuti Arteta ndi wodutsa. Zimavuta pomwe wothandizira akufuna kukula ali momwemo koma bwana sakumupatsa danga. André Villas-Boas ankafufuza matimu otsutsana nawo m'gulu la José Mourinho ku Porto, ku Chelsea ndi ku Inter Milan. Ankafuna kuyandikira bwalo ndi osewera, Mourinho ankamufuna pa ntchito yomweyo ya malipoti, ndipo mu 2009 anachoka kukatsogolera Académica kwawo ku Portugal. Mu 2011 anali atatenga ligi ndi Europa League ndi Porto, ali ndi zaka 33. Ubwenzi wawo sunabwererenso mwakale.

Tinene modutsa kuti kuchoka si kupambana. Blackburn ya Kidd inatuluka mu Premier League mu May 1999, italepherana 0-0 ndi United yomweyo ya Ferguson. Queiroz anangokhala chaka chimodzi ku Madrid n'kubwerera pampando wake wakale. Kudziwa kukonza zokonzekera n'kwina, kuuza katswiri wolandira ndalama zambiri kuti lero sasewera, kenako n'kukayankha atolankhani ndi eni timu, n'kwinanso.

Pa nkhani ya ulemu ndi ndalama m'pamene pamatuluka mabala osapola. Chikho chikabwera, chithunzi chimakhala cha kochi. Mphoto ya mphunzitsi wabwino wa chaka imalembedwa dzina limodzi, malipiro a wothandizira amakhala kachigawo chabe ka a bwana wake, ndipo akachotsedwa onse, chipukuta misozi cha wothandizira chimachepanso chimodzimodzi. Ambiri amavomera zimenezi polowa ntchito. Koma kuvomera uli ndi zaka 35 n'kosiyana ndi kuvomera patatha zaka 15 ukuona maganizo ako akutchulidwa ndi dzina la wina. Buvač, atayamba ntchito ku Dynamo Moscow mu 2020, anauza mtolankhani kuti ku Liverpool ankagwira ntchito yonse ya kochi kupatula yolankhula ndi atolankhani. Kaya zinalidi choncho kaya ayi, mawuwo akusonyeza mmene mwini wake ankadzionera.

Palibe nkhani yoonetsa bwino zimenezi kuposa ya Brian Clough ndi Peter Taylor ku England. Anadziwana akusewera ku Middlesbrough m'zaka za m'ma 1950, Taylor ali goloboyi, Clough ali womwetsa zigoli. Mu 1965 anayamba kuphunzitsa limodzi ku Hartlepools United, timu yaing'ono. Taylor anali ndi diso lodziwa wosewera. Ankatha kuona mnyamata wonyozeka m'timu ya m'munsi n'kunena kuti uyu tigule. Clough anali ndi pakamwa, ankadziwa kumuopseza kapena kumunyengerera mnyamatayo mpaka atulutse zonse zomwe ali nazo. Clough mwini wake ankavomereza poyera kuti popanda Taylor sangayendetse bwino timu. Anatenga Derby County mu ligi yachiwiri n'kuipatsa chikho cha ligi yaikulu mu 1972. Atapatukana kwa kanthawi mu 1974, Clough anapita yekha ku Leeds United ndipo anangokhalako masiku 44. Atakumananso ku Nottingham Forest mu 1976, anatenga ligi mu 1978, kenako European Cup mu 1979 ndi 1980.

Koma pansi pa zikho zonsezo panali tizilonda. Akali ku Derby, Taylor anatulukira kuti Clough anakwezedwa malipiro mwakachetechete, iye osauzidwa komanso osawonjezeredwa kanthu. Mu 1980 Taylor anatulutsa buku lonena za ntchito yawo osayamba wakambirana ndi Clough, ndipo Clough zinamuwawa kwambiri. Aliyense ankaona kuti mnzake akudyera pa iye. Mu May 1982 Taylor anati wapuma pa ntchito, koma patangotha miyezi 6 anatulukira ku Derby ngati kochi wamkulu. Mu January 1983 Derby yake inatulutsa Forest mu FA Cup. Chomaliza chinali John Robertson, wosewera yemwe anamwetsa chigoli chopambanira fainolo ya 1980: Taylor anamutengera ku Derby mu 1983 momwemo osamuimbira Clough ngakhale foni. Sanalankhulanenso mpaka Taylor anamwalira mu 1990. Taylor sanachite bwino ku Derby ndipo anachoka mu 1984. Clough anakhalabe ku Forest mpaka 1993, anatenga League Cup kawiri, koma ligi ndi chikho cha ku Ulaya sanazionenso. Mukayang'ana bwino, anthu awiriwa sanakanganepo kwenikweni za mpira. Anakangana za yemwe anauzidwa ndi yemwe sanauzidwe.

Kenako pali mpando wogwirizira, womwe wapasula maubale ambiri. Kuti timvetse, tidziwe kuti othandizira alipo a mitundu iwiri. Ena ndi a kochi: amabwera naye, makontrakiti awo amatha limodzi ndi yake, ndipo akaonetsedwa msana wa njira nawonso amapakira. Ena ndi a timu: kochi amawapeza, amawasiya. Nthawi zambiri awa amakhala osewera akale a timuyo, odziwa chilankhulo, ligi ndi anthu a mu ofesi. Kochi wachilendo amawafuna, koma sawakhulupirira mpaka pansi pa mtima, chifukwa amadziwa kuti tsiku lomwe adzachotsedwe ndi iwo adzayendetse zokonzekera za mawa lake. Ku Bayern Munich mu November 2019, timu itagonja 5-1 ku Eintracht Frankfurt, Niko Kovač anachoka pamodzi ndi mng'ono wake Robert, yemwe ankayenda naye kulikonse. Hansi Flick, wosewera wakale wa Bayern amene anali atangolowa m'gulumo miyezi inayi yapitayo, anatsala. Anapatsidwa timu mogwirizira, ndipo pofika August 2020 anali ndi ligi, chikho cha dziko ndi Champions League, atamwetsa Barcelona 8-2 panjira. Ku Côte d'Ivoire mu January 2024, Jean-Louis Gasset anachoka Africa Cup of Nations ili m'kati, timu itanyazitsidwa 4-0 ndi Equatorial Guinea pakhomo. Womuthandizira Emerse Faé anatenga osewera omwewo n'kukagonjetsa Nigeria 2-1 mu fainolo. Nkhani ngati zimenezi akuluakulu a matimu amazikonda, chifukwa wogwirizira ndi wotchipa komanso ali pafupi. Makochi nawo amaziwerenga, ndipo n'chifukwa chake ambiri amakakamira kuti abwere ndi anthu awo okhaokha.

Pakati pa makochi pali lamulo losalembedwa: bwana akachotsedwa, amene anabwera naye satenga mpando wake popanda dalitso lake. Vuto n'lakuti lamuloli limamuuza wothandizira kuti akane mwayi womwe mwina sudzabweranso. Za Luis Enrique ndi Robert Moreno zinafika pomwepa, ndipo n'zowawa chifukwa bwanayo sanachite kuchotsedwa. Moreno anayenda ndi Luis Enrique ku Roma, ku Celta Vigo, ku Barcelona mpaka ku timu ya dziko la Spain. Mu March 2019 Luis Enrique anachoka mwadzidzidzi chifukwa mwana wake wamkazi anadwala kwambiri, ndipo Moreno anagwirizira. Mu June Luis Enrique anatula pansi udindo, bungwe la mpira la Spain n'kumupatsa Moreno ntchitoyo kwathunthu. Mwanayo anamwalira mu August ali ndi zaka 9. Moreno anapititsa Spain ku Euro 2020, ndipo ananena poyera kuti mnzakeyo akadzafuna kubwerera adzamupatsa malo.

Mu November Luis Enrique anabwereradi, koma Moreno sanakhale nawo m'gulu. Pamaso pa atolankhani, Luis Enrique anafotokoza kuti Moreno anapita kunyumba kwake mu September n'kumuuza kuti akufuna atsogolere timu ku Euro kaye, kenako adzabwerere pa uthandizi. Iye anati kumeneko n'kusakhulupirika, ndipo safuna munthu wotero pambali pake. Moreno anayankha tsiku lotsatira kuti iye sanachite chinyengo chilichonse, ndipo ntchitoyo anachita kupatsidwa. Apa n'kovuta kuloza chala munthu mmodzi. Moreno sanalande mpando, anagwira ntchito n'kuitha, ndipo n'zachibadwa kufuna kukaonekera pa mpikisano womwe wavutikira. Koma anapita kukapempha zimenezo kwa munthu amene anali atangoika mwana wake m'manda. Bungwe nalo linali ndi mbali yake, poti linamupatsa Moreno kontrakiti yofika ku Euro pomwe khomo la Luis Enrique linasiyidwa lotsegula. Anthu awiri analonjezedwa mpando umodzi. Munthu amene walawako mawu omaliza kwa miyezi isanu ndi itatu savomera msanga kubwerera kukayala timakoni, ndipo kochi amene wabwerera sangaiwale kuti wachiwiri wake anakhalapo woyamba.

Nthawi zina awiriwo samakhala atasemphana n'komwe. Amawalekanitsa ndi eni timu. Mu November 2010 Chelsea inali pamwamba pa ligi, itangotenga ligi ndi FA Cup miyezi ingapo yapitayo, pomwe Ray Wilkins, wothandizira Carlo Ancelotti, anauzidwa kuti ntchito yatha. Ancelotti ananena poyera kuti silinali ganizo lake. Akuluakulu anakweza Michael Emenalo, munthu wa m'kati mwa timu, kukhala pa benchi. Masiku ochepa chabe Wilkins atachoka, Chelsea inagonja 3-0 pakhomo ndi Sunderland, inadutsa m'miyezi yoipa, ndipo Ancelotti anachotsedwa mu May 2011. Sitinganene kuti zonsezo zinachitika chifukwa cha Wilkins, koma uthenga unafika kwa osewera: kochi wanu alibe mphamvu yoteteza ngakhale munthu wokhala pambali pake.

Kuchotsa wothandizira imakhalanso njira ya akuluakulu yoperekera chenjezo popanda kulipira ndalama zambiri zothetsera kontrakiti ya kochi. Liverpool itamaliza ligi ya 2015 ndi kugonja 6-1 ku Stoke City, Brendan Rodgers anapulumuka, koma Colin Pascoe, yemwe anabwera naye kuchokera ku Swansea, anachotsedwa, ndipo kontrakiti ya Mike Marsh sinawonjezeredwe. Kunabwera Sean O'Driscoll ndi Gary McAllister. Pofika October Rodgers naye anali atapita. Kochi akavomera kupereka wothandizira wake ngati nsembe amagula miyezi yochepa, koma amagula modula, chifukwa otsalawo amaona mmene mnzawo wathera. Ochemerera ena amakondwa akamva kuti gulu la aphunzitsi lasinthidwa, kuganiza kuti vuto lapezeka. Kawirikawiri zimangotanthauza kuti akuluakulu asiya kumukhulupirira kochi koma sanapezebe womulowa m'malo.

Matimu ena ayesapo kuthetsa nkhani ya woyamba ndi wachiwiri powapatsa onse udindo wofanana. Pitso Mosimane atachoka ku Mamelodi Sundowns mu 2020 kupita ku Al Ahly ya ku Egypt, timuyo inakweza Manqoba Mngqithi ndi Rulani Mokwena, omwe anali omuthandizira pomwe ankatenga CAF Champions League mu 2016, kuti akhale makochi limodzi, Steve Komphela n'kubweranso m'gulumo. Ligi anaitenga mu 2021 ndi 2022. Koma funso loti mawu omaliza ndi a ndani silinachoke, ndipo mu October 2022, atagonja 3-0 ndi Orlando Pirates mu chikho cha MTN8 cha ku South Africa, akuluakulu anayankha okha: Mokwena anakhala kochi wamkulu, Mngqithi, yemwe ndi wamkulu pa zaka komanso pa ntchito, anakhala pansi pake. Mokwena atachoka mu July 2024 mpando unabwerera kwa Mngqithi, ndipo mu December chaka chomwecho naye anachotsedwa. Pepala likhoza kunena kuti anthu awiri ndi ofanana, koma wosewera amene wasiyidwa pa benchi amafuna kudziwa kuti wamusiya ndani.

Palinso kutopa chabe, komwe anthu sakhulupirira akakumva. Kochi akasankha ntchito ku dziko lina amakambirana ndi banja lake ndi womuimira. Wothandizira amangolandira foni kuti tikunyamuka, ana asinthe sukulu. Rui Faria anatsatira Mourinho zaka 17, ku Portugal, England, Italy ndi Spain, ndipo mu May 2018 anachoka ku Manchester United akunena kuti akufuna nthawi ndi banja lake. Ambiri anafunafuna mkangano wobisika. Mourinho anamutsanzika ndi mawu achikondi, ndipo mu January 2019 Faria anayamba ntchito yakeyake ngati kochi wamkulu wa Al-Duhail ku Qatar. Kupuma ndi kufuna mpando wake zinayendera limodzi, monga zimakhalira kawirikawiri.

Tsiku loopsa kwambiri kwa wothandizira aliyense ndi lomwe kochi watsopano akufika. Apa luso lake siliwerengedwa. David Moyes atalowa m'malo mwa Ferguson mu 2013 anapeza Mike Phelan, René Meulensteen ndi Eric Steele, anthu omwe anali atangotenga ligi, ndipo onse anachoka kuti abwere anthu ake, ambiri ochokera ku Everton. Anthu akhala akunena kuti kumeneko kunali kulakwitsa kwake kwakukulu, poti anataya anthu odziwa osewera ndi kayendedwe ka timuyo, ndipo anangokhala miyezi 10. Komabe ganizo lake ndi lomveka. Munthu wolowa ntchito yomwe dziko lonse likudikira kuti alephere amafuna azitha kulankhula momasuka m'ofesi mwake, osadzifunsa kuti mawuwa akafika kwa ndani. Matimu ambiri masiku ano amayesa kugawa: kochi abwere ndi anthu awiri kapena atatu, koma wophunzitsa magoloboyi, woona za makona ndi mafirikiki, ndi oona za mphamvu za osewera akhale a timu, kuti nyumba yonse isamagwe kochi akachoka. Makochi a mayina akuluakulu amakana, ndipo kawirikawiri amapambana mkanganowo.

Ku United komweko zinabwerezeka mu 2024. Pakati pa chaka, gulu la Erik ten Hag linasinthidwa: Mitchell van der Gaag, yemwe anabwera naye kuchokera ku Ajax, anachoka, Benni McCarthy kontrakiti yake inatha, ndipo kunabwera René Hake ndi Ruud van Nistelrooy, womwetsa zigoli wakale wa timuyo. Mu October Ten Hag anachotsedwa. Van Nistelrooy anagwirizira masewero 4, anapambana 3 n'kulepherana kamodzi, ochemerera akuimba dzina lake pa Old Trafford. Ananena poyera kuti akufuna kutsala ngati wothandizira, ndipo kontrakiti yake inali isanathe. Ruben Amorim anafika pa 11 November ndi anthu ake ochokera ku Sporting, ndipo tsiku lomwelo timu inalengeza kuti Van Nistelrooy wachoka. Awiriwo anali asanakhalepo benchi imodzi ngakhale mphindi imodzi, choncho panalibe choti akanganirane. Mwezi usanathe, Van Nistelrooy anali kochi wamkulu wa Leicester City.